Agogo amene ankayambitsa nyimbo

Agogo anga, amene anabereka amayi, sankadziwa tsiku limene anabadwa, ndipo chaka chimene chinalembedwa pa chiphaso chawo cha unzika chinali chongoyerekeza. Iwo ankawerengera zaka zawo kuchokera pa njala ya mu 1949, imene inasautsa kwambiri anthu a m'boma la Blantyre, makamaka kwathu cha ku Lunzu. Ankati njalayo inawapeza ali namwali wotha msinkhu, wokhoza kuyenda mtunda wautali kukasuma chakudya ndi kubwerako atasenza thumba pamutu. Tikawerengera motero, ndiye kuti anatisiya atapitirira zaka 90, ndipo zoposa 60 mwa zaka zimenezo anazithera pa ntchito imene palibe anawalemba kapena kuwalipira, yoyambitsa nyimbo mu mpingo wathu wa CCAP.

Amene akulira m'matchalitchi a masiku ano, mmene kiyibodi imayamba kulira mlaliki asanamalize n'komwe kutchula nambala ya nyimbo, mwina sangaone kulemera kwa ntchito imeneyi. Kale mkulu wa mpingo akatchula nambala, anthu ankatsegula mabuku awo a Nyimbo za Mulungu, kenaka m'tchalitchi munkagwa bata kwa kanthawi, aliyense akudikira munthu mmodzi kuti atulutse mawu oyamba. Munthuyo akayambira pamwamba kwambiri, amayi ankafika pakati pa ndime mawu atawathera ndipo nyimbo inkasanduka mkuwo. Akayambira pansi kwambiri, abambo a besi ankangong'ung'udza ngati njuchi za m'phanga, mawu osamveka. Agogo ankatsokomola kamodzi, n'kuweramitsa mutu pang'ono ngati akumvetsera chinachake pansi, kenaka n'kuyamba, ndipo pamene ayambirapo panali pomwepo pamene mpingo wonse ukanatha kufika.

Luso limeneli anaphunzira kwa amalume awo, amene anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni ya m'mudzi. Amishoni a ku Scotland, amene anakhazikika ku Blantyre mu 1876, ankaphunzitsa kuimba pogwiritsa ntchito zilembo za solofa, zija za do, re, mi, ndipo amalumewo ankazilemba ndi choko pa bolodi ana n'kumazitsatira ndi mawu. Agogo sanapite patali ndi sukulu, moti kalata ankalemba movutikira, koma tsamba la zilembo zimenezi ankaliwerenga mosadodoma ngati mmene ena amawerengera nyuzipepala. Limba analimva koyamba m'tchalitchi cha St Michael and All Angels, chija chinamalizidwa kumangidwa mu 1891, atayenda wapansi ndi anzawo a m'kalasi, ndipo ankati tsiku limenelo ulaliki sanaumve ngakhale pang'ono chifukwa maso ndi makutu zinali kwa woimba limbayo.

Patapita zaka, mpingo wathu unalandira kalimba kakale kopopa ndi mapazi, ndipo popeza panalibe wina wodziwa solofa kuwaposa, anakapereka m'manja mwawo. Anadziphunzitsa okha, chala chimodzi choyamba, kenaka dzanja lonse, madzulo akaweruka kumunda. Nthawi imeneyo agogo aamuna anali ku Joni, kumene anapita ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za ku migodi, ndipo anabwereratu kumudzi boma litaletsa kulemba anthu a ku migodi potsatira ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974. Ana asanu ndi mmodzi anawalera pafupifupi okha, koma limbalo silinasowepo wolisamala. Makoswe atadya mvukuto yake, anadula chubu chakutha cha njinga n'kumata pobowokapo, ndipo chigamba chimenecho ndinachiona ndi maso anga ndili mwana, pamene ankandituma kulowa pansi kukachotsa ndowe za makoswe Loweruka lililonse.

Komabe amene ankawadziwa bwino amawakumbukira kwambiri pa maliro kusiyana ndi pa limba. Anali mayi wa Mvano, wa bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi mpango woyera kumutu, ndipo uthenga wa zovuta ukangofika ankamanga chitenje n'kunyamula buku lawo la nyimbo, limene chikuto chake anachisoka ndi nsalu. Kugona pa siwa kuli ndi nzeru yake, ndipo iwo ankaidziwa. Thupi likangofika kumene, pamene kulira kuli kwakukulu, ankayamba nyimbo yodekha yoti ilowe pansi pa kulirako popanda kukuletsa. Pakati pa usiku ankasankha za ndime zambiri kuti anamfedwa apumeko, ndipo cha m'bandakucha, tulo tikayamba kugwetsa anthu, ankadzutsa nyumba yonse ndi nyimbo za chiyembekezo cha kuuka kwa akufa. Sankafunsa ngati womwalirayo anali wa mpingo wathu.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo, chifukwa anali ndi mtima wouma pa zinthu zina. M'zaka za m'ma 1990, makwaya a achinyamata atayamba kubwera ndi makiyibodi, zokuzira mawu ndi magule, agogo anakana kotheratu, ndipo ine ndinali m'gulu la amene ankawakanawo. Tsiku lina anandiuza kuti, "Iwe mdzukulu wanga, chida chimaperekeza mawu, sichiwameza." Ndinayankha kuti, "Agogo, kodi Davide sanavine pamaso pa Yehova?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti Davide sankafuna magetsi. Mpaka lero ndimaona kuti pa nkhani ya magule analakwa, pakuti achinyamata ambiri anakhazikika mu mpingo chifukwa cha makwaya omwewo. Koma pa nkhani ya mawu ankanena zoona. Lamulungu lina la Mgonero magetsi anazima tili pakati pa ndime yachiwiri, kiyibodi inangoti zii, ndipo mpingo wonse unasokonekera chifukwa unali utazolowera kutsatira makina. Mawu amodzi okha ndi amene anapitirira, okalamba ndi onjenjemera pang'ono, kuchokera pa benchi ya amayi a Mvano, ndipo tonse tinawagwira mpaka nyimbo inatha. Kunyumba sananene kanthu, koma nsima ya tsiku limenelo anaiphika akumwetulira.

M'zaka zawo zomaliza ng'ala inaphimba maso awo ndipo mutu unayamba kutaya zinthu. Ankandiitana ndi dzina la amalume anga amene anamwalira kalekale, ankafunsa ngati mvula yagwa pakati pa mwezi wa Julayi, koma munthu akangotchula nambala ya nyimbo, ankaiyamba pamalo pake n'kuimba ndime zonse, zala zikuyenda pa bulangeti ngati zili pa limba.

Pa mwambo wa maliro awo, abusa anatchula nambala ya nyimbo yotulutsira bokosi m'nyumba, ndipo panagwa bata lija la kale, lotalikirapo kuposa masiku onse, chifukwa amayi a Mvano onse anali akudikira mwachizolowezi. Kenaka mayi wina amene agogo anamuphunzitsa solofa ali mtsikana anatsokomola kamodzi n'kuyamba. Anayambira pamwamba pang'ono, ndipo amayi anga, misozi ili m'masaya, anandinong'oneza kuti, "Akanakhala kuti akumva, bwenzi atamubweza kuti ayambirenso."