Tsiku limene ndinavala wigi pa njinga

Mkangano wanga ndi alamu anga ndi wakalekale, ndipo nkhani yake sisintha: chisoti chovala popalasa njinga. Iwo sakwera njinga mutu uli pamtunda, ngakhale ulendo wake ukhale wongozungulira nyumba. Ine ndinayamba kupalasa ndili kamnyamata kosafikira chishalo, kongopisa mwendo pansi pa chitsulo chapakati, ndipo zaka zonsezi mutu wanga unali usanaonepo zakuda. Choncho alamu akamayamba ulaliki wawo, ine ndimakhala nditanola kale mayankho.

Iwo amakonda kuyambira ku Australia. Amati dera la Victoria linalamula mu 1990 kuti wopalasa aliyense azivala chisoti, pofika 1992 dziko lonselo linali litatsatira, New Zealand nayo mu 1994. Ine ndimati zoona, koma mpaka lero akatswiri akukokanakokana: kodi ovulala m'mutu anachepa chifukwa cha zisoti, kapena chifukwa ambiri anangoziimika njinga zawo? Ndikatero ndimawatengera ku Netherlands, kumene njinga n'zochuluka kuposa anthu, ovala chisoti ndi owerengeka, koma kupalasa n'kosaopsa chifukwa njinga zili ndi njira zakezake. Apo alamu amafunsa mofatsa kuti, "Nanga alamu, msewu mumadutsa inu uja ndi wa ku Amsterdam?" Funso limeneli ndimaliyankha ndi chifuwa. Ndimangoyamba kutsokomola.

Akandiuza za Andrei Kivilev, katswiri wa mipikisano ya njinga wa ku Kazakhstan amene anagwa wopanda chisoti pa mpikisano wa Paris–Nice mu 2003 n'kumwalira, mpaka bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, linalamula zisoti pa mipikisano chaka chomwecho, ine ndimati amene aja amatsika mapiri pa liwiro la galimoto, pamene ine ngakhale mwana wothamanga amandipitirira. Ndiponso, ndinkawonjezera monyadira, chisoticho m'kati mwake ndi thovu louma chabe, ndipo poyesa amangochigwetsa pa liwiro la makilomita pafupifupi 20 pa ola. Lole ikakupeza, chingakuchitire chiyani? Chimangothandiza munthu wogwa yekha ngati chitsiru. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa alamu anawasunga.

Koma chida changa chachikulu chinali Ian Walker, wofufuza amene anali ku University of Bath ku England. Mu 2006 mkuluyu anamangirira kachipangizo koyeza mtunda pa njinga yake, nayeza magalimoto oposa 2,000 amene ankamupitirira. Anapeza kuti akavala chisoti, madalaivala ankamuyandikira kwambiri ndi masentimita 8.5, ndipo atavala wigi ya tsitsi lalitali kuti azioneka ngati mzimayi, ankamutalikira ndi masentimita 14 owonjezera. Kawiri konse anagundidwa, ndi basi komanso lole, ndipo maulendo onsewo anali atavala chisoti. Nkhani imeneyi ndinaibwereza mpaka ana anga anailoweza.

Mayi a kunyumba salowerera mikangano yathu. Iwo anangogula chisoti chofiira, n'kuchiika pa chishalo osanena kanthu. Pofuna mtendere, ndinkachivala potuluka pageti, ndikangokhota ndinkachivula n'kuchikoleka pa handulo. Zinayenda chotero miyezi itatu.

Loweruka lina m'mawa, nzeru zinandibwerera, zija zimabwera munthu ukakhala wopanda chochita. Ndinati bwanji ndichite ndekha kafukufukuyo, alamu ndikawatseke pakamwa ndi umboni wa maso anga? Pamwamba pa wadiropu panali katoni, ndipo m'katonimo munkagona wigi ya mayi, ya tsitsi lofika pamsana, imene ngakhale eni ake amaivala kawiri pachaka. Ndinaiponya m'chikwama.

Nditakhota, ndinaima pansi pa mtengo, chisoti pa handulo, wigi kumutu. M'kati mwake ndinaona timalamba ndi tizipeso ting'onoting'ono, koma ndinati n'zokongoletsa chabe. Safunsa anadya phula. Za ndevu zanga sindinade nazo nkhawa, poti dalaivala wochokera kumbuyo saona nkhope.

Poyamba zinayenda bwino zedi. Galimoto yoyamba inandipatsa mpata waukulu. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inanditalikira, kenako inachepetsa liwiro, ndipo amene anakhala kumbuyo anatembenuka kundiyang'ana, kukamwa kuli yasa. Ndinawerenga zisanu ndi ziwiri, mtima ukudumpha, ndikukonza kale mawu okawauza alamu. Tsitsi linkauluka kumsanaku, ndipo ndiulule, zinkandikomera.

Kenaka kunabwera mtsetse.

Mphepo inalowa pansi pa wigi n'kuiyendetsa pang'onopang'ono ngati munthu akutsegula botolo. Za kunkhongo zinabwera kumaso. Mwadzidzidzi dziko lonse linada bii, tsitsi m'maso, tsitsi m'mphuno, lina m'kamwa. Ndinachotsa dzanja limodzi pa handulo kuti ndilikankhe, ndipo dzanja lotsalalo, mwa mantha ake, linafinya buleki yomwe linali nayo pafupi. Inali yakutsogolo. Tayala linaima nji, njinga inakweza matako, ine ndinapitirira ndekha ulendo. Ndikukumbuka kuti m'malere muja ndinali ndi nthawi yokwanira yoganiza kuti panalibe galimoto, panalibe lole, panalibe ngakhale galu womunamizira. Kenako khuu, chipumi m'mphepete mwa ngalande.

"Mayi agwa! Thandizani mayi!"

Ndinamva mapazi akuthamanga. Ndinagona chafufumimba, tsitsi lili mbwee, ndipo ndinaona kuti kukhala chete n'kwabwino kusiyana ndi kuyankha ndi mawu anga abesiwa. Agogo ena anagwada pambali panga. "Pepani mwanawanga, pepani, tadzutsani mutu." Anagwira tsitsi mwachifundo kuti alichotse kumaso, ndipo lonse linawatsalira m'manja.

Mfuu umene anakuwa agogowo sindidzauiwala. Anaiponya wigi kutali, akulira kuti khungu la mutu lasendeka. Mnyamata wina ananditembenuza, naona ndevu, nabwerera m'mbuyo masitepe awiri. Panakhala bata lalitali. Wina anafunsa motsitsa mawu, "Bambo... kapena mayi... mukumva kuwawa pati?" Ndinatsegula diso limodzi. Njinga inali itatsamira kachitsamba, ndipo pa handulo chisoti chofiira chija chinkalendewera, chopanda ngakhale kokalika, chikugwedezeka uku ndi uku ngati munthu wopukusa mutu.

Kuchipatala namwino anandimeta chigamba pamwamba pa chipumi n'kusoka. Ali mkati mosoka anafunsa ngati ndinavala kanthu kumutu. Ndinati eya. Anati ndiye chinali chisoti chachabechabe. Mnyamata amene anandiperekeza uja anatsegula chikwama kuti awonetse, ine n'kumugwira dzanja.

Mayi anafika ndi mlongo wawo, alamu anga omwe aja. Anandigwira nkhope, nayang'ana bala, nafunsa namwino ngati fupa lili bwino. Atamva kuti lili bwino anapumira m'mwamba. Kenako maso awo anagwera pa chikwama, pomwe tsitsi lodzaza matope ndi udzu linkasuzumira. Anachitsegula ndi zala ziwiri.

"Abambo," anatero, mawu ali pansipansi, "ichi n'chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za University of Bath. Sindinafike patali.

Alamu ndi amene anandizunza koposa, chifukwa sananene chilichonse. Ndinkadikira zija za samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma ayi. Anatenga chisoti, nachitembenuza uku ndi uku, nachipukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Tili pakhomo potuluka ndi pamene anandinong'oneza: "Alamu, paja munati chimathandiza munthu wogwa yekha ngati chiyani?"

Panopa ndimachivala, chitakhala zala ziwiri pamwamba pa nsidze, lamba womanga pansi pa chibwano. Alamu asanyade, chifukwa ine ndimavalira kubisa chigamba, pomwe tsitsi likumera mokayikakayika. Za Netherlands ndikanali nazo, ndipo Lamlungu lapitali ndinawakumbutsa kuti magalimoto asanu ndi awiri onse aja ananditalikira ndithu. Anandifunsa kuti ndi masentimita angati. Ndinati pofunika kubwereza kafukufuku. Mayi, amene ankasita zovala chapafupi, sanatembenuke n'komwe. Wigi yatsopano, yomwe ndinagula ine, imakhala m'sutikesi yokhoma, ndipo kiyi amayenda naye.