Lipoti la ulendo wokaonerera kaphunzitsidwe ka masamu a m'ziganizo

Gulu lathu la aphunzitsi a masamu a ku pulayimale linakacheza ndi anzathu a pasukulu ina imene tinamva kuti ana ake saopa masamu a m'ziganizo. Ndalemba izi makamaka chifukwa cha inu amene simunapite nawo.

Aphunzitsi aakulu atatilandira, anatilowetsa m'kalasi ya ana a zaka pafupifupi 9, ife n'kukhala kumbuyo. Mayi amene ankaphunzitsa analemba samu imodzi yokha pa bolodi: mnyamata ali ndi mabulo 11, ochuluka ndi 4 kuposa a mlongo wake, mlongo wakeyo ali ndi angati? Manja anakwera nthawi yomweyo, ambiri akuti 15. Mayiwo sanati mwakhoza, sanatinso mwalakwa. Anangoti, "Ikani mapensulo pansi. Aliyense amufotokozere mnzake nkhaniyi osatchula nambala." Kenako anafunsa kuti mwa awiriwa ali ndi mabulo ambiri ndani.

Apa m'pamene ana anajambula timabokosi tiwiri tophathalala, ka mnyamata kakatali, ka mlongo wake kakafupi, ndipo mpata wotsalawo analembapo 4. Mtsikana wina anafuula yekha kuti mlongoyo sangakhale ndi 15 pamene kabokosi kake n'kakafupi. Yankho la 7 linatuluka popanda mphunzitsi kutchula zochotsera. Kajambulidwe kameneka kanatchuka ndi sukulu za ku Singapore m'zaka za m'ma 1980.

Kwa ine, phunziro lonse linagona pa 15 uja. Ana anaona kuti "ochuluka" n'kuthamangira kuphatikiza, chifukwa ambiri anazolowetsedwa kusaka mawu owauza chochita m'malo momvetsa nkhani. Vutoli si lachilendo. Ofufuza a ku Grenoble, m'dziko la France, anafunsapo ana kuti: m'bwato muli nkhosa 26 ndi mbuzi 10, kodi woyendetsa bwatolo ali ndi zaka zingati? Ambiri anayankha kuti 36. Tinaseka titamva zimenezi, koma tonse tikuwadziwa ana otere.

Masana tinakhala pansi kukambirana. Pakhoma la kalasi panali masitepe anayi othetsera samu amene katswiri wa masamu George Pólya analemba mu 1945: kumvetsa funso, kukonza njira, kuigwiritsa ntchito, ndi kubwerera kukaunika yankho. Anzathuwo anati lomalizali ndi limene limadumphidwa kwambiri. Anatipatsa chitsanzo: ana 130 akupita pa ulendo, basi iliyonse imanyamula 40, pakufunika mabasi angati? Mwana amagawa bwinobwino n'kulemba kuti 3 kutsala 10, osadzifunsa kuti ana 10 otsalawo ayenda bwanji. Amene waunikanso amati mabasi 4.

Si tonse tinagwirizana nazo. Bambo wina wa m'gulu lathu anati, "Mayi, samu imodzi phunziro lonse, silabasi mudzamaliza liti? Nanga kalasi ikakhala yodzaza?" Funsoli n'lomveka ndithu, ndipo ine sindikuona kuti linayankhidwa lonse. Mayiwo anati phunziro lotere sachita tsiku lililonse. Masiku ena ana amayeserera kuchulukitsa ndi kugawa monga mwa nthawi zonse. Pa za kuchuluka kwa ana, anati ana akamalemba iwo amazungulira m'kalasi n'kusankhiratu makope ochepa a njira zosiyana, kuphatikizapo yolakwika, kuti eni ake akafotokoze pa bolodi. Aphunzitsi a ku Japan amadziwika ndi kachitidwe kameneka.

Chovuta kutengera, mmene ndinaonera, ndi kuugwira mtima. Mwana akamavutika, dzanja la mphunzitsi limayabwa kufuna kutola choko, koma mayiwo ankangofunsa kuti, "Wadziwa bwanji?"

Tinagwirizana kuti anzathuwo adzabwera kwathu teremu ikubwerayi kudzaonerera phunziro lathu la kugawa kokhala ndi zotsala. Tikonzera limodzi pa msonkhano wotsatira, choncho aliyense abwere ndi makope angapo a ana ake, makamaka omwe muli mayankho olakwika.