Ku Tombstone, tauni ya siliva komwe lamulo linkati mfuti zitsale pakhomo

Kuchoka mumzinda wa Tucson ku Arizona kukafika ku Tombstone pali makilomita pafupifupi 110. Mumayenda pamsewu waukulu wa I-10 chakum'mawa mpaka pa Benson, n'kukhotera kumwera pamsewu wa 80. Ola limodzi ndi theka likukwanirani. Dziko lake ndi louma, la zitsamba zaminga, ndipo tauniyo ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,380 kuchokera pamlingo wa nyanja. Mu June dzuwa limaswa mtengo, pomwe mu December ndi January m'mawa kumazizira zedi. Tengani madzi, chipewa ndi nsapato zoyendera.

Dzina la tauniyi tanthauzo lake ndi chiliza. Mu 1877 Ed Schieffelin ankayendayenda m'mapiri awa kufunafuna miyala ya mtengo wapatali, m'dera lomwe Aapache ankalilondera, ndipo asilikali a ku Camp Huachuca anamuchenjeza kuti chomwe akachipeze kumeneko ndi chiliza chake basi. Iye anapeza siliva, mgodi wake woyamba n'kuutcha dzina lomwelo. Tauni inakhazikitsidwa mu 1879.

Musanaone mfuti ndi manda, mvetsani njira imene chuma chinkadutsa, chifukwa magazi ankatsata njira yomweyo. Ku Tombstone kunalibe madzi okwanira operera miyala, choncho ankaitutira kumtsinje wa San Pedro, kumakina a kufupi ndi Charleston ndi Contention City. Siliva ndi ndalama zinkayenda pangolo zokokedwa ndi akavalo kupita kunjanji ku Benson, mlonda wa kampani ya Wells Fargo atakhala pambali pa woyendetsa, chifefe chili pamiyendo. Usiku wa pa 15 March 1881 achifwamba anabisalira ngolo yotere n'kupha woyendetsa, Bud Philpot, ndi wapaulendo mmodzi. Njira ina inali ya nyama. Anthu a m'migodi ankafuna ndiwo, malire a Mexico ali pamtunda wa makilomita 50 okha, ndiye gulu lomwe ankalitcha Cowboys linkaba ng'ombe ku Sonora n'kumazigulitsa motchipa kudzera m'makola a mabanja ngati a Clanton ndi a McLaury.

Yambirani kunyumba ya khoti yakale ya njerwa zofiira, yomangidwa mu 1882, yomwe pano amasungiramo zinthu zakale. Mukamaona mfuti zakale m'magalasi a m'tauni muno, imani nthawi yaitali pa Colt Single Action Army ya mu 1873. Ndi mfuti ya m'manja yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo ili ndi kamgolo kozungulira ka zibowo 6. Chipolopolo chake cha .45 ndi chigoba cha mkuwa chomwe munkalowa wonga wofika magalamu 2.6 ndi mtovu wofewa wa magalamu pafupifupi 16. Amene anaonapo gogodela wa kumudzi adziwa kusiyana kwake: gogodela mumathira wonga kukamwa, kutsendera, kuika mtovu, kutsenderanso, ndipo mvula ikagwa zonse zalakwika. Apa zonse zinatsekeredwa m'chigoba chimodzi chosalowa madzi msanga.

Komabe si mfuti yachangu monga amaionetsera m'makanema. Kukoka kowombera pakokha sikuchita kanthu. Pachipolopolo chilichonse muyenera kuyamba mwakokera kumbuyo kanyundo ndi chala chachikulu, kamgolo kazungulire, kenako muwombe. Zikatha ndiye ntchito: kanyundo mukaimike pakati, mutsegule kachitseko ka kudzanja lamanja, muzungulitse kamgolo ndi dzanja, mukankhe zigoba zakale chimodzichimodzi ndi kandodo ka pansi pa mpope, kenako mulowetse zatsopano chimodzichimodzinso. Munthu akukuwomberani pamtunda wa mamita awiri, nthawi imeneyo simungaipeze. N'chifukwa chake ena ankayenda ndi mfuti ziwiri, ndipo ena ankakonda Smith & Wesson Schofield, imene imathyoka pakati n'kulavula zigoba zonse 6 nthawi imodzi.

Vuto lina linali loti kanyundo kakagona pachipolopolo, mfuti n'kugwa pansi, inkatha kulira yokha. Odziwa ankaika zipolopolo 5 zokha: kuika chimodzi, kudumpha chibowo chimodzi, kuika zinayi, kenako kukoka kanyundo n'kukatsitsira pachibowo chopanda kanthu. Wyatt Earp, mmodzi mwa omwe anamenya nawo nkhondo yotchuka ya mfuti ya ku Tombstone mu 1881, zinamuchitikira ku Wichita mu January 1876, pomwe mfuti yake inagwa pansi n'kulira, chipolopolo n'kuboola jekete lake.

Wonga wa masiku amenewo unali wakuda, wa makala, sulufule ndi mchere wa saltpetre. Ukapsa, gawo loposa theka silisanduka mpweya koma limatsala ngati utsi woyera wa tolotolo ndi mwaye. Mwayewo umadzaza mizere ya m'kati mwa mpope, mfuti n'kuyamba kuphonya, umalimbitsa kamgolo kuti kasazungulire bwino, ndiponso umayamwa chinyezi, moti mfuti yosatsukidwa ndi madzi otentha tsiku lomwelo inkachita dzimbiri. Wonga wopanda utsi anaupanga ku France mu 1884, nkhondo ya ku Tombstone itachitika kale.

Khomo la O.K. Corral, khola la akavalo lomwe nkhondo ija imadziwika ndi dzina lake, lili mumsewu wa Allen. Pamenepo mumalipira, ndipo tsiku lililonse ochita zisudzo amaonetsa nkhondoyo ndi zipolopolo zopanda mtovu. Onerani ndithu, koma mukatha zungulirani kumsewu wa Fremont, womwe lero ndi msewu wa 80 munabwerera uja. Nkhondo siinachitikire m'khola. Inayambira pakampata kosafika mamita 6 m'lifupi, pambali pa nyumba ya alendo ya C.S. Fly, wojambula zithunzi, n'kusefukira pomwe magalimoto akudutsa leropa.

Chimene alendo ambiri amadabwa nacho n'chakuti mkangano wa tsikulo unali wa lamulo loletsa mfuti. Mu April 1881 khonsolo ya tauniyi inakhazikitsa Ordinance No. 9: wolowa m'tauni asiye mfuti kukhola la akavalo, kuhotela kapena kubala, adzaitenge potuluka. Pa 26 October 1881, Virgil Earp, mkulu wa apolisi a m'tauni, anamenya Ike Clanton, wa gulu la Cowboys lija, ndi mfuti m'mutu n'kumulanda zida, ndipo khoti linamulipiritsa madola 25. Kumenya ndi mfuti m'mutu ndiyo inali njira yodziwika yogwirira munthu, chifukwa sinkafuna kukumba manda. Tsiku lomwelo Wyatt anachitanso chimodzimodzi kwa Tom McLaury.

Cha m'ma 3 koloko masana Virgil, abale ake Wyatt ndi Morgan, pamodzi ndi mnzawo Doc Holliday, anatsika mumsewu wa Fremont kukalanda mfuti Frank McLaury ndi Billy Clanton. Virgil anali atapatsa Holliday chifefe chachifupi kuti abise m'chijasi, iye n'kutenga ndodo ya Holliday. Wyatt anauza khoti kuti mfuti yake inali m'thumba la jasi, osati m'chikwama cha palamba chija cha m'makanema. Zipolopolo pafupifupi 30 zinalira m'masekondi ngati 30. Imani pakampatapo, muganize za utsi wa wonga wakuda pakati pa makoma awiri, akavalo awiri akudumphadumpha, anthu atayandikana moti akanatha kugwirana chanza. Ngakhale anali pafupi choncho, zipolopolo zambiri zinapita padera.

Ike Clanton ndi mnzake Billy Claiborne anathawa. Billy Clanton, mnyamata wa zaka 19, chipolopolo chinamuthyola dzanja lamanja, iye n'kusinthira mfuti kumanzere. Iye ndi Frank anali ndi Colt za .44-40, chipolopolo chomwe chimalowanso mu Winchester ya mu 1873, mfuti yaitali yotenga zipolopolo 15. Woweta ng'ombe ankakonda zimenezi chifukwa lamba mmodzi wa zipolopolo ankakwanira mfuti zonse ziwiri. Tom McLaury anaphedwa ndi chifefe cha Holliday: dokotala anapeza mabala 12 a timitovu m'nthiti, onse pamalo oti chikhatho n'kuphimba, umboni woti anamuwombera pafupi kwambiri. Pathupi pake sanapezepo mfuti, ndipo imeneyi inali nkhani yaikulu pamlandu womwe woweruza Wells Spicer anaumva kwa mwezi wathunthu asanamasule a Earp. Tom, Frank ndi Billy anafa. Virgil anavulala katumba wa mwendo, Morgan m'mapewa, Holliday anangokalika m'chiuno.

Bwererani mumsewu wa Allen mukaime pamphambano ya Fifth, pakati pa mabala a Oriental Saloon ndi Crystal Palace. Apa ndi pomwe pakuonekera nkhope yeniyeni ya chiwawa cha tauni ino, chomwe zisudzo sizionetsa kwenikweni. Usiku wa pa 28 December 1881 Virgil akuwoloka pamenepa, anthu obisala m'nyumba yosatha kumanga anamuwombera ndi zifefe, mkono wake wamanzere n'kulumala mpaka imfa. Pa 18 March 1882 Morgan akusewera biliyadi kwa Campbell & Hatch, anamuwombera kumsana kudzera pagalasi la chitseko chakuseri. Patapita masiku awiri Wyatt ndi anzake anapha Frank Stilwell, yemwe ankamuganizira kuti anapha nawo Morgan, pasiteshoni ya sitima ku Tucson. Panalibe kuitanana pabwalo dzuwa lili paliwombo. Kunali kubisalirana mumdima.

Pamwamba pa Crystal Palace panali ofesi ya dokotala George Goodfellow, ndipo munthu ameneyu amayenera kutchuka kuposa owombera onse aja. Mtovu wofewa unkaphwanya mafupa n'kulowa ndi zidutswa za nsalu yakuda m'thupi, moti wolasidwa m'mimba ankangodikira imfa. Goodfellow ankasamba m'manja, kutsuka bala, ndipo mu July 1881 anang'amba mimba ya munthu wowomberedwa, kusoka matumbo, munthuyo n'kuchira. Luke Short atapha Charlie Storms kunja kwa Oriental mu February 1881, dokotalayu anapeza kuti chipolopolo chinalowa ndi kansalu ka silika ka m'thumba osakaboola. Mu 1887 analemba za kulimba kwa silika pamaso pa chipolopolo.

Chenjezo kwa oonera zisudzo za mumsewu: khalani kumbuyo kwa malire omwe aika. Mu 2015 wochita sewero wina anawomberedwa ndi chipolopolo chenicheni chifukwa mfuti ya mnzake sanaiunike asanayambe. Ngakhale chopanda mtovu chimalavula moto woti n'kuvulaza munthu ali pafupi.

Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu, tsikani mumgodi wa Good Enough, womwe amalowetsamo alendo. Chinagwetsa Tombstone ndi madzi. Okumba atafika mamita pafupifupi 160 anakumana ndi madzi, anaika mapampu aakulu, koma mu 1886 moto unawononga mapampu a mgodi wa Grand Central, mtengo wa siliva nawo ukutsika. Mu 1929 likulu la boma la Cochise linachoka ku Tombstone n'kusamukira ku Bisbee.

Manda a Boothill ali kumapeto kwa tauni pamsewu wobwerera ku Benson, ndiye ndi bwino kuwaona pomaliza. Anaikamo anthu mpaka cha mu 1884, manda ake ndi milu ya miyala, ndipo zikwangwani zomwe mukuonazo ndi zolowa m'malo mwa zakale zomwe zinawola. Tom, Frank ndi Billy agona moyandikana. Pomwepo palinso amuna asanu omwe ananyongedwa pa 28 March 1884 chifukwa chopha anthu pobera sitolo ku Bisbee. Mnzawo John Heath khoti linamupatsa ukaidi wa moyo wonse, koma pa 22 February chaka chomwecho gulu la anthu linamutulutsa m'ndende n'kumupachika pamtengo wa mawaya a telegalafu.