Sabata ya 9: Ayezi wanga wakanda msana wa Lomonosov

Papita masabata awiri ndisanalembe pano, koma ntchito sinaime. Kwa inu amene mwangofika kumene: ndikuumba chifaniziro cha pansi pa nyanja ya Arctic, ya kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndi makatoni, guluu ndi dongo, potsata mapu aulere oonetsa kuya kwa nyanja, a GEBCO ndi IBCAO, amene ndinapeza pa intaneti. Katoni imodzi ikuimira kuya kwa mamita 200. Pa North Pole penipeni nyanjayi ndi yakuya kupitirira mamita 4,000, ndiye pamenepo ndasanjikiza makatoni oposa 20, ndipo chala chachita chithuza ndi sizasi.

Chimene ndamaliza sabata ino ndi Lomonosov Ridge, mtandadza wa mapiri a pansi pa madzi wotalika makilomita pafupifupi 1,800. Umayambira cha ku Siberia, kudutsa pafupi ndi North Pole, mpaka kukafika kufupi ndi Greenland ndi chilumba cha Ellesmere, moti umagawa nyanjayi pawiri ngati malire a munda. Akatswiri a ku Soviet Union ndi amene anautulukira mu 1948. Ndinayamba ntchito yonseyi chifukwa cha phiri limeneli, poti pamsana pake pali zipsera zimene zakhala zikundisowetsa tulo.

Nkhani yake ili motere. Ayezi wokhuthala wa pamtunda amayenda pang'onopang'ono kulowera kunyanja. Akafika pamadzi akuya sathyoka nthawi yomweyo, amayandama ali chigwirire kumtunda, monga khonde limatulukira pakhoma la nyumba. Pa Chingerezi amati ice shelf, ine ndimangoti khonde la ayezi. Lalikulu kuposa onse lero ndi la Ross ku Antarctica, lomwe kukula kwake kukufanana ndi dziko la France. Mu 1970 katswiri wa za ayezi John Mercer ananena kuti kalekale nyanja ya Arctic nayo iyenera kuti inaphimbidwa ndi khonde lotere, koma umboni wogwirika panalibe. Chinthu choyandama chikasungunuka chimasiya chiyani? Chimasiya mapazi pokhapo pamene mimba yake inakhudza pansi, ndiye kuti pamisana ya mapiri a m'madzi.

Mu 2014 sitima ya ku Sweden yoswa ayezi, dzina lake Oden, inayeza pansi pa nyanjayi ndi makina otumiza phokoso ndi kumvera kubwerera kwake. Mu 2016 Martin Jakobsson wa ku Stockholm University ndi anzake anafotokoza zimene anapeza: mikwasa italiitali pamsana wa Lomonosov, pamalo akuya pafupifupi mamita 1,000. Kumbukirani kuti nyanja ya Malawi pamene yazama kwambiri ndi mamita 700 okha. Ayezi akamayandama, magawo 9 mwa 10 amakhala m'madzi, ndipo nthawi imeneyo nyanja inali yotsika ndi mamita oposa 100 poyerekeza ndi lero, choncho khondelo linali lochindikala pafupifupi kilomita yathunthu. Matope amene anadikha pamwamba pa mikwasayo atawatapa ndi mipope n'kuwayeza, anaonetsa kuti izi zinachitika zaka pafupifupi 140,000 zapitazo. Zipsera zina zofanana nazo zili pa zitunda zina za pansi pa nyanjayi, pa Yermak Plateau kumpoto kwa zilumba za Svalbard ndi ku Chukchi Borderland kumpoto kwa Alaska.

Zonsezi ndinali nditawerenga kale, koma funso limodzi linkandikanirira pakhosi. Tingadziwe bwanji kuti linali khonde limodzi lalikulu, osati zibuma za ayezi zothyoka zimene zimangoyendayenda panyanja? Nazonso zimakanda pansi. Mabuku amati kusiyana kwake kumaoneka, koma ine ndinafuna ndione ndi maso anga.

Loweruka ndinatenga bafa lalikulu lochapiramo, n'kuumba kamtandadza ka dongo lofewa pakati pake, kenako n'kuthira madzi mpaka kamsanako kanamira pang'ono. Poyamba ndinaponyamo timiyala ta ayezi ta mufiliji, n'kumatakasa madzi ndi mthiko kuti tiziyenda. Kenako ndinasalaza theka la kamsanako, n'kubweretsa chimtanda chimodzi chachikulu chimene ndinaumitsa m'thireyi yophikira keke. Pansi pa thireyiyo ndinali nditawaza mchenga ndi timiyala kuti mimba ya ayeziyo ikhale yokhakhala. Ulendo woyamba zinakanika, magetsi anathima usiku wonse ndipo m'mawa ndinapeza madzi okhaokha. Wachiwiri ayezi anagwira bwino. Ndinamuyandamitsa n'kumukankha ndi manja awiri, pang'onopang'ono, kulowera mbali imodzi. Atafika pakamsana ndinamva m'zikhato kuti wakhudza, kenako kukhuluzika, khwee.

Nditakhetsa madzi ndi kapayipi, mwana wa achemwali anga amene ankandigwirira tochi anasuzumira n'kunena kuti, "Amalume, uku kwapalasa nkhuku, koma uku mwalima mizere." Kumene kunadutsa timiyala tating'ono kunali timikwasa tokhotakhota, todutsana, tina tozungulira pamene kamwala kanatembenuka. Kumene kunadutsa chimtanda chachikulu, nsonga ya dongo inali itametedwa n'kukhala yathyathyathya, mikwasa yonse yowongoka, yoyang'ana kumodzi, ndipo dongo lometedwalo linali litaunjikana kuseri kwa kamsanako. Ndinakhala chogwada pamenepo nthawi yaitali, manja ali zii ndi kuzizira, mtima ukugunda. Chibuma chimamvera mphepo ndi mafunde, n'chifukwa chake chimalemba zokhotakhota. Khonde silimvera zimenezo, limakankhidwa ndi ayezi wa kumtunda, ndiye likakhudza phiri limalemba mizere yofanana pamtunda wautali. Bafa si nyanja, ndikudziwa, ndipo manja anga si ayezi wa ku Siberia. Koma tsopano ndikayang'ana zithunzi za pansi pa Lomonosov, ndikutha kuwerenga ndekha.

Pachifanizirocho ndapaka dongo lopyapyala pamsana wa phiri, n'kukoka mikwasa ndi mano a chipeso lisanaume. Pena lang'aluka pouma. Ndiyesa kusakaniza ndi guluu wa matabwa.

Chotsatira ndikupita kum'mwera. Mu 2020 Julian Dowdeswell ndi anzake anafotokoza timizere ting'onoting'ono tokhala ngati makwerero pansi pa nyanja kufupi ndi khonde la ayezi la Larsen, ku Antarctica. Pamalo pamene ayezi amalekana ndi nthaka n'kuyamba kuyandama, nyanja ikakwera imamunyamula, ikatsika amakhalanso pansi n'kufinya matope. Poti nyanja imatero kawiri pa tsiku, timizere tiwiri ndi tsiku limodzi, ndipo powerenga anapeza kuti ayezi ankabwerera m'mbuyo mamita 40 mpaka 50 tsiku lililonse. Ndikufuna kuyesa zimenezi m'bafa lomweli, pothira ndi kuchotsa madzi ndi jagi, chimtanda ndikuchibweza pang'onopang'ono. Vuto ndi dongo. La kudambo kuno ndi lolimba, silifinyika ndi kulemera kwa ayezi wa m'thireyi. Ngati pali woumba mbiya pakati panu amene akudziwa kafewetsedwe kake kuti likhale ngati phala koma osasungunuka m'madzi, chonde ndiuzeni Loweruka lisanafike.