Sanandimenye madamu, chinandimenya ndi chigubu

Popeza ena mwayamba kale kufalitsa kuti mlomo wangawu anauphulitsa ndi mayi a kunyumba, mpaka wina kundiimbira foni kufunsa ngati ankhoswe akudziwa, ndati ndinene ndekha zisanafike ku Santhe. Madamu alibe mlandu. Chinandimenya ndi chigubu cha malita 5, chija cha mafuta ophikira, ndipo chinandimenya pamaso pa ana 87 a Sitandade 6, ahedi komanso a PEA, mlangizi wa maphunziro a pulayimale mu zoni yathu. Mboni nde zilipo zambiri kuposa zomwe ndikadafuna.

Ife amene tinadutsa pa koleji ya aphunzitsi ya Kasungu TTC anatikhomerera TALULAR m'mutu, kuti osamalira zoti sukulu ilibe labu, tola zomwe zili pafupi uphunzitsire. Nde Lachitatu lija ndinatulutsa ana pansi pa mtengo wa mango kuti tione za kayendedwe ka zinthu, ndipo zinayamba bwino kwambiri, izi zokha anthu sakunena ayi. Tinamanga mwala ku chingwe cha mita imodzi ngati katungwe, ndinafunsa funso kuti mwala waukulu ndi waung'ono wofulumira ndi uti, ana onse anati waukulu sala, ndinati lembani kaye zimenezo m'makope musanaone, sayansi imafuna uyambe walosera kenako uyese. Monita anagwira foni yanga kuwerenga nthawi. Kupita ndi kubwera ka 10, masekondi 20. Tinasintha mwala kuika waung'ono, masekondi 20 omwewo. Ana kuyang'anana. Tinafupikitsa chingwe kufika masentimita 25, nthawi inatsika kufika pa 10. Apa ndinali mfumu abale, ndikuwauza kuti chimene chimalamula katungwe ndi kutalika kwa chingwe osati kulemera kwa mwala, komanso kuti Galileo wa ku Pisa amene anabadwa mu 1564 amati anazindikira zimenezi ali m'tchalitchi akuyang'ana nyali ikulendewera m'malo momvera ulaliki. Kamwana kena kanafunsa ngati anamudula mu mpingo. Ndinati funso limenelo ndi lalitali, tidzalionanso.

Ndikadalekera pomwepo bwenzi lero ndikudya nsima ndi mlomo wonse. Koma munthu ukayamba kutchuka pamaso pa ana umafuna kuonjezera ndiwo.

Ndinatulutsa chigubu, chodzadza madzi mpaka pakamwa, ndiye kuti makilo 5 amenewo. Anyamata awiri anakwera mu mango kukamanga chingwe cha mamita atatu pa nthambi yaikulu. Ndinakoka chigubu chija mpaka chinagunda pa mphuno yanga, nkunena kuti ndichisiya, chipita uko, chibwera, koma sichindikhudza, chifukwa chinthu ukangochisiya osachikankha sichingakwere kupitirira pomwe chinayambira, mphamvu ina imathera mu mphepo ina pa mfundo ya pa nthambi. Izi ndi zoona mpaka lero, kafunseni aliyense. Ndinati tiyeni tivote. Amene akuti chindimenya akweze mkono. Ana 86 mikono m'mwamba, ena mpaka iwiri iwiri. Mtsikana mmodzi yekha ndi amene anaima nane, ndipo ndikuganiza kuti anangondimvera chisoni. Kamnyamata kena kotchuka ndi phokoso kanati sala ndikankhe, paja katungwe amakoma nkukankhana. Ndinati uyu si wokankhana, khala pansi.

Ndinaima njo ngati msilikali wa pa chipata, manja kumbuyo nditangochisiya. Chigubu chinanyamuka.

Tsono chingwe cha mamita atatu chimatenga masekondi atatu ndi theka kuti chipite ndi kubwera. Ndi nthawi yochepa eti? Ayi ndithu, ndi nthawi yokwanira kuti moyo wa munthu usinthe. Sekondi yoyamba chigubu chikupita, madzi akulira khuchukhuchu m'katimo, ana onse ziii, ngakhale mbuzi ya oyandikana nayo sukulu inasiya kudya makoko a mango nkumayang'ana. Sekondi yachiwiri chafika kutsidya, chaima pang'ono ngati chikuganiza, ine mumtima ndikuti onani ana inu mphunzitsi weniweni. Ndipo pa nthawi yomweyo, pa kona ya buloko ya Sitandade 8, anatulukira ahedi ali ndi mayi wina wa chikwama chakuda m'khwapa, nkunena mokweza kuti aphunzitsi, alendo athu a PEA afika.

Inu mundiuze, munthu woleredwa bwino amatani? Agogo anga ku Chamama anandilera ndi mkwapulo kuti wamkulu sumupatsa moni utaima ngati mtengo wa magetsi. Thupi linangochita lokha, mutu sunafunsidwe nkomwe. Manja anabwera kutsogolo kugwirana, bondo kupindika pang'ono, msana kuwerama, khosi kutsogola, pakamwa kutseguka kuti mwadzuka bwanji mayi. Ndinafika pa mwadzu basi.

Phuuu!

Anthu amati ukamenyedwa umaona nyenyezi, ine ndinaona Kasungu yense, phiri, depoti, msika wa kaunjika, mpaka magalimoto a fodya akupita ku Chinkhoma. Chitsekerero chinathawira kwina, madzi anandithira kuyambira pa tayi kutsika mpaka malo amene mwamuna wamkulu sayenera kunyowa pamaso pa ana. Ndinakhala pansi osafuna. Ndiye chigubu chija, poti malamulo a sayansi sadziwa chisoni, chinapitanso nkubweranso kachiwiri chikukhavula madzi otsala, kudutsa pamwamba pa mutu wanga ngati chikufufuza ngati ntchito yatha. Kachitatu chinafika mofooka, kumangondinunkhiza.

Kunali chete kwa kanthawi, ana akulimbana ndi ulemu, kenako kamnyamata kaja kanakuwa kuti tawina! Basi sukulu yonse inaphulika. A Sitandade 2 kutuluka m'kalasi osadziwa nkomwe chomwe akusekera, amayi ophika phala kuthamanga ndi mithiko m'manja kuganiza kuti kwagwa njoka mu mtengo. Ahedi anatembenukira ku khoma, mapewa okha ndi amene amagwedezeka. A PEA anayesetsa ndithu, anandifunsa kuti aphunzitsi mwavulala? koma mawu amatuluka mopyapyala ngati a munthu amene wameza fupa la usipa.

Chimene chikundiwawa kuposa mlomo ndi ichi. Ine mwini ndinali nditawaphunzitsa kuti zotsatira za eksiperimenti sitibisa, timalemba zomwe taona osati zomwe timafuna. Nde ndili chigwirire mphuno ndi mpango wa ahedi kuletsa kamfuno, monita anafunsa kuti sala tilembe chani pa zotsatira. A PEA ali pompo cholembera m'manja. Ndikanati chani? Ndinati lembani kuti chinamenya. Ndinayesa kuonjezera kuti koma chasintha ndi malo a mphuno osati chigubu, pa kuyesa koyenera umasintha chinthu chimodzi chokha zina zonse zikhale momwemo, tibwereze. Ana anavomera mokondwa kwambiri kuti eee tibwereze sala, ndipo chimwemwe chimenecho ndi chomwe chinandiopsa. Ndinati nthawi yatha.

Madzulo pochonga makope ndinapeza wina walemba kuti chigubu chimabwerera kwa mwini wake. Wina analemba kuti sayansi ndi yoopsa. Mtsikana uja anaima nane analemba bwinobwino kuti aphunzitsi anasuntha mutu, ndinamupatsa 10 pa 10, enawo ndinawapatsa 6 chifukwa kunena zoona anaona zomwe anaona.

Pano ana akundiitana kuti a Galileo, koma ndamva kuti kuseri amati a Mwadzu. A PEA akuti abweranso mwezi wa mawa ndi aphunzitsi a masukulu ena a mu zoni kuti adzaone phunziro lomwelo, sindikudziwa ngati akufuna sayansi kapena gawo lachiwiri.

Kumene madamu akulowa mu nkhaniyi ndi kumodzi kokha, chigubu chinali chawo chosungira madzi akumwa, ndinangotenga m'mawa osapempha, ndipo chinang'aluka pa chogwirira. Za mlomo sanafunse zambiri. Amene ali ndi chigubu cha malita 5 chopanda ntchito andiuze, chikhale ndi chitsekerero chake.