Njinga ikapukusa mutu: kodi dampa ya chiwongolero ndi yofunikadi?

Mwezi wa June chaka chatha, nthawi imene mphepo ya mwera imawomba mosalekeza kuno ku Dedza, ndinkachokera ku Ntcheu pa njinga yanga yamoto, Yamaha XT660Z Ténéré imene ndinaigula yakale kuchokera ku Johannesburg. Pa Lizulu ndinaima kuti ndigule kachewere ndi kabichi, ndipo popeza zikwama za m'mbali ndinali nditazisiya kunyumba, thumba lonselo ndinalimangirira kumbuyo kwenikweni, pamwamba pa bokosi limene munali kale mabuku a kuntchito ndi masipanala. Ndisanafike pa Bembeke ndinayamba kupitirira thiraki yaitali pa liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola. Nditangotuluka kutsogolo kwake, mphepo imene thirakiyo inkanditchingira inandiwomba cha m'mbali, ndipo nthawi yomweyo tayala lakutsogolo linaponda chigamba cha phula chimene chinatumphuka. Chiwongolero chinayamba kumenya uku ndi uku mwachangu chimene manja anga sakanatha kuchitsatira. Sizinathe masekondi atatu, koma nditaima m'mbali mwa msewu miyendo inkanjenjemera moti ndinalephera kutsitsa sitandi.

Madzulo ake ndinafotokozera anzanga okwera njinga zikuluzikulu, amene ambiri mwa iwo amakhala ku Lilongwe, ndipo pafupifupi onse anandiuza chinthu chimodzi, chakuti ndigule steering damper, imene amakaniko amangoti dampa. Ndinatsala pang'ono kuitanitsa usiku womwewo. Chimene chinandibweza chinali mtengo, chifukwa dampa yabwino pamodzi ndi zitsulo zomangirira imadya madola mazana angapo, osawerengera zonyamulira ndi msonkho wolowetsera katundu m'dziko muno.

Dampa imeneyi ndi m'bale wake wa shoko, kusiyana kwake n'kwakuti imagwira ntchito pa chiwongolero. M'kati mwake muli oyilo amene amakakamizidwa kudutsa pa kabowo kakang'ono nthawi iliyonse chiwongolero chikatembenuka. Mukatembenuza pang'onopang'ono, oyiloyo amadutsa bwinobwino ndipo simumva kanthu, koma chiwongolero chikakankhidwa mwadzidzidzi, oyiloyo amapanikizana pa kabowo kaja n'kuletsa kuti chisathamange. Zilipo zamitundu iwiri. Ina ndi yaitali ngati pampu ya njinga yakapalasa, ndipo mbali imodzi imamangidwa ku felemu pamene ina imamangidwa ku foloko. Ina ndi kabokosi kamene kamakhala pakati pa chiwongolero, pamwamba kapena pansi pa mahandulo, monga zimene amapanga a Scotts ndi a GPR, ndipo mtundu umenewu ndi umene umakondedwa pa njinga zoyenda m'tchire chifukwa ukagwa suphwanyika msanga. Zambiri zimakhala ndi kabatani kozungulitsa kuti muilimbitse kapena kuifewetsa.

Opanga njinga nawonso sagwirizana chimodzi pa nkhani imeneyi. A BMW anayamba kuika dampa pa R1200GS yoziziritsidwa ndi madzi kuyambira pa njinga za 2014, ndipo KTM 790 Adventure imabwera nayo kuchokera kufakitale. A Yamaha atatulutsa Ténéré 700 sanaikepo, koma mu 2022 atatulutsa World Raid, imene ili ndi matanki awiri olowa malita 23 onse pamodzi ndipo anaipangira maulendo ataliatali a m'chipululu, anaikapo ya Öhlins. Africa Twin ya Honda, imene yazungulira maiko ambirimbiri, imagulitsidwa yopanda dampa. Zimenezi zinandiuza kuti yankho silili m'dzina la njinga, koma m'malo amene njingayo imayenda, liwiro lake, ndi katundu amene yasenza.

Ndisanawononge ndalama, ndinapita nayo kwa makaniko wanga pa boma, bambo wachikulire amene anayamba kukonza njinga za alangizi a zaulimi ine ndisanayambe sukulu. Sanafune kumva za dampa. Anaika chipika pansi pa injini kuti tayala lakutsogolo lilendewere, kenako anayamba kukankha chiwongolero ndi chala chimodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja. Chikafika pakati chinkakodwa pang'ono, ngati chagwera m'kadzenje, kenako n'kupitirira. Anabwereza katatu osalankhula, ndiyeno anagwada n'kugwira miyendo ya foloko kumunsi, akukoka ndi kukankha, ndipo ndinamva ndi makutu anga kaphokoso kakuti go, go kuchokera m'khosi mwa felemu.

"Achimwene, mwaimva? Maberingi a pakhosi atha. Mukaika chinthu chanucho pamwamba pa maberingi otere, ndiye kuti mwavala jekete pa chilonda," anatero.

Atamasula, anandionetsa mphete imene maberingiwo amayendamo. Inali ndi timizere tonyezimira totalikirana mofanana, ndipo nditayendetsapo chikhadabo ndinamva kuti n'tozama. Girizi anali atauma n'kusanduka dothi lofiira. Amenewo anali malipiro a zaka zitatu za mabampu a misewu ya ku Lobi ndi ku Mayani, komanso a ulesi wanga, pakuti chigulireni njingayo sindinatsegulepo khosi lake. Anandilozeranso tayala lakutsogolo, limene mano ake anali atadyeka mosinthana, lina lalitali lina lalifupi ngati macheka, ndipo titayeza mpweya tinapeza kuti unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene buku la njingayo limanena. Ndinali nditauphwetsa dala sabata yapitayo podutsa mumchenga, n'kuiwala kupopanso.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri chinali katundu. Tayala lakutsogolo la njinga limadziwongola lokha chifukwa malo amene limagunda pansi ali kumbuyo pang'ono kwa mzere umene chiwongolero chimazungulirapo, masentimita 10 kapena 12 pa njinga zamtundu uwu, mofanana ndi timatayala ta mpando wa muofesi timene timatsatira kumene mukukankhira. Mphamvu yodziwongolayo imadalira kulemera kumene kwatsamira tayalalo. Thumba la kachewere likakhala kuseri kwa tayala lakumbuyo, limachita ngati mwana wonenepa pa katungwe: kumbuyo kumatsika, kutsogolo kumapepuka, ndipo tayala lopepuka likagunda chinthu limadumpha, likatera litapendeka limadzibweza mopitirira, kenako limabwereranso mbali ina mopitiriranso. Kupukusa mutu kumayamba motero. Akabaza amene amasenza matumba awiri a chimanga pa kaliyala amakudziwa bwino kupepuka kumeneku, n'chifukwa chake mumawaona atakhala pa tanki penipeni, ngakhale kuti liwiro lawo nthawi zambiri silifika pamene njinga ingawaonetse zoopsa.

Pali chinthu china chimene anzanga aja sanandiuze, chimene ndikuona kuti aliyense wofuna kugula dampa ayenera kuchimvetsa. Njinga imagwedezeka m'njira ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi iyi ya kupukusa mutu, imene imakhudza chiwongolero ndi tayala lakutsogolo, ndipo imachitika mwachangu, ka 6 mpaka ka 10 pa sekondi imodzi. Palibe munthu amene angaibweze ndi mphamvu ya manja, ndipo kuumitsa mikono kumangochititsa kuti kugwedezekako kulowe m'thupi ndi m'njinga yonse. Yachiwiri ndi pamene njinga yonse imadukula, kumbuyo kukupita uku kutsogolo kukupita uko, pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu pa sekondi, ndipo imeneyi imabwera pa liwiro lalikulu, makamaka shoko yakumbuyo ikatopa kapena katundu akachuluka. Dampa ndi mankhwala a matenda oyambawo. Pa achiwiriwo sithandiza, ndipo ikalimbitsidwa kwambiri imatha kuwakulitsa, chifukwa imamangirira chiwongolero ku felemu pa nthawi imene chiwongolerocho chimayenera kumasuka kuti njinga idziwongole. Munthu amene njinga yake imadukula pa M1 chifukwa cha bokosi lalikulu lakumbuyo, akagula dampa n'kuizungulitsa mpaka pomalizira, wagula tsoka ndi ndalama zake.

Tinasintha maberingi, tinagula tayala latsopano, tinakunga masipoko angapo amene ankalira mogontha powagogoda ndi sipanala, ndipo tinalimbitsa sipuling'i ya shoko yakumbuyo kuti ndikakwera ndi katundu njinga izitsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse umene shokoyo imatha kufinyika. Zitsulo zolemera ndinazisamutsira m'zikwama za m'mbali, m'munsi komanso kutsogolo momwe ndingathere. Chichokereni tsiku limenelo ndadutsa pamalo paja kosawerengeka, m'mphepo ndi m'chifunga momwe, ndipo njingayo sinapukusenso mutu.

Komabe ndingakhale wabodza nditanena kuti dampa ilibe ntchito. M'mwezi wa September mnzanga wina anabwera ndi njinga yake yokhala ndi dampa ya kabokosi, ndipo tinasinthana kwa tsiku lathunthu. M'mawa tinalowa msewu wa ku Tsangano, kumene miyala ina imabisala m'fumbi moti umaiona utaiponda kale. Pa njinga yanga, mwala wotere ukagunda tayala cha m'mbali, handulo imandimenya m'chikhatho mpaka ndimamva m'phewa, ndipo njinga imasuntha pamzere umene ndinasankha. Pa yake ndinkamva kugundako, koma mahandulo ankangoti gwede pang'ono n'kukhala phee. Patatha maola awiri ndinazindikira kuti zala zanga sizinachite dzanzi monga mwa nthawi zonse, chifukwa ndinali nditasiya kufinya mahandulo. Phindu lenileni ndinaliona pamenepo: munthu wosatopa salakwitsa kawirikawiri. Masana tinatsikira kuchigwa, ndipo m'tinjira ta mchenga ta kufupi ndi Mtakataka dampayo inaletsa tayala kukumba ndi kupinda mwadzidzidzi, ngakhale kuti sinandichotsere udindo woimirira, kubweza thupi kumbuyo ndi kusasiya mafuta. Wosadziwa mchenga adzagwabe, dampa ilipo kapena palibe.

Mtengo wake wina ndinaulipira potsika Khwekhwerere, msewu wochokera pa Masasa kupita ku Golomoti, umene makona ake amapindika ngati chigongono. Ndinaiwala kufewetsa dampayo titachoka m'miyala muja, ndipo pa kona iliyonse njinga inkachita ngati ikukana kulowa, moti ndinkachita kuikankha. Nditafika pa msika wa Golomoti, poyenda pang'onopang'ono pakati pa anthu, mbuzi ndi ngolo, ndinatsala pang'ono kugwera pa mulu wa tomato, chifukwa pa liwiro la munthu woyenda pansi njinga imaima ndi timakonzedwe tating'onoting'ono ta chiwongolero, ndipo dampa yolimba imatichedwetsa. Mnzangayo anaseka, anazungulitsa kabatani kaja, ndipo njinga inapepukanso. Iye anazolowera kusintha akuyenda, koma ine ndinaona kuti ndi chinthu china chowonjezera choti ndizichikumbukira, ine amene ndinaiwala ngakhale kupopa tayala.

Ndikaunguza maulendo anga a sabata ndi sabata, ambiri ndi a pa phula pakati pa Linthipe ndi Ntcheu, ndipo otsalawo ndi a m'misewu yafumbi imene sindipitirira makilomita 60 pa ola chifukwa cha ana a sukulu, ziweto ndi ngolo. M'nyengo ya dzinja vuto langa ndi matope oterera a dothi lofiira, ndipo pamenepo dampa ilibe chonena, pakuti tayala limatsetsereka mwakachetechete popanda kukankha chiwongolero. Amene amathamanga pa mpikisano wa Dakar, kapena amene amadutsa mchenga ndi miyala pa liwiro lalikulu tsiku lonse, ali ndi chifukwa chomveka choikira dampa, ndipo ine ndikanakhala mmodzi wa iwo sindikanazengereza. Koma njinga imene maberingi ake ndi abwino, matayala ali ndi mpweya woyenera ndipo katundu wamangidwa pamalo pake siyenera kupukusa mutu pa liwiro lololedwa pa msewu. Ikatero ndiye kuti pali chimene ikudandaula, ndipo ine ndimakonda kuchimva kusiyana n'kuchitseka pakamwa.

Kwa amene zingamuchitikire zimene zinandichitikira, chimene chinandipulumutsa tsiku lija sichinali nzeru koma mwayi, chifukwa mantha anandiletsa kugwira buleki yakutsogolo. Choyenera ndi kupana tanki ndi mawondo, kumasula mikono, kuweramira kutsogolo kuti tayala lilemedwe, ndi kuchepetsa mafuta pang'onopang'ono. Njinga ikakhazikika, finyani buleki yakutsogolo kangapo musanaifune, popeza kumenya kwamphamvu kwa chiwongolero kumatha kukankhira mapadi kutali ndi disiki, ndipo handulo ya buleki imangofika pa chala popanda kugwira kanthu. Makaniko wanga ndi amene anandiuza zimenezi, akupukuta manja ndi sanza, ndipo anawonjezera kuti ndizibwera nayo njingayo mvula ikangotha chaka chilichonse kuti atsegule khosi n'kuthira girizi watsopano.

Ndalama imene ndinasungira dampa ndinagulira tayala lakumbuyo, tcheni ndi masipuroketi, ndipo yotsalayo ndinasinthira oyilo wa m'foloko, amene anatuluka wakuda ngati madzi otsukira mpoto. Mu October ndikufuna kuyesa njira ya ku Tsangano mpaka ku Neno ndili ndi katundu wa masiku atatu, ndipo mnzanga uja walonjeza kubwera ndi njinga yake kuti tizikasinthana pa zitunda za miyala. Kachewere wa pa Lizulu tsopano ndimamugawa pawiri, theka m'chikwama cha kumanzere, theka cha kumanja.