Kumana nsomba chakudya si mankhwala a matenda onse

"Nsomba zikayamba kufa, leka kuzidyetsa." Langizo limeneli limaperekedwa ngati lamulo, koma pa mlamba wa ku America wotchedwa channel catfish limathandiza pa matenda ena, pa ena limaonjeza mavuto.

Bakiteriya wa Edwardsiella ictaluri amalowera m'matumbo ndi m'mphuno, ndipo amalusa madzi akafunda madigiri 22 mpaka 28. Akangolowa, chiwindi chimadzutsa majini a chitetezo chobadwa nacho (majini a m'maselo, osati a mizimu aja). Mapuloteni ochokera ku majiniwa, hepcidin ndi transferrin, amabisa ayironi kuti bakiteriya asowe chokulira, pomwe puloteni ina, complement C3, imamumata kuti maselo oyera amumeze msanga. Apa kuchepetsa chakudya kumachepetsadi imfa, chifukwa nsomba ikamadya imamezanso kachilomboko. Matenda akakhalitsa, pamutu pamabooka chilonda.

Nthenda ya columnaris ndi nkhani ina. Bakiteriya wake, Flavobacterium, amamatirira pakhungu ndi mopumira nsomba, n'kusiya zigamba zotuwa pamsana ngati chishalo. Ofufuza a ku Auburn University ndi unduna wa zaulimi wa ku America (USDA) anapeza kuti nsomba zosachedwa kudwala columnaris zimakhala ndi puloteni yachitetezo yotchedwa rhamnose-binding lectin yambiri mopumiramo, ndipo kuzimana chakudya masiku 7 kumaichulukitsa kwambiri. Jini yachitetezo yomweyo n'kusanduka pogwirira mdani!

Choncho musanatseke thumba la chakudya, vuulani nsomba yodwala, tsegulani mopumira, onani pamutu ndi pamsana, yezani kutentha kwa madzi.

Mlamba wathu wa m'madamu, Clarias gariepinus, ndi wa banja lina, ndiye masiku ndi madigiri awa musawakopere mmene alili.